Pulogalamu yasowa pa kompyuta? Ifunseni komwe ikukhala

Ndi Loweruka m'mawa, tsiku la msika. Tiyerekeze mayi wina yemwe ali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kuchita fotokope pafupi ndi depoti ya minibasi. Pakhonde pafika kale anthu atatu: mnyamata wofuna kalata yofunsira ntchito, mlembi wa mpingo yemwe akufuna makadi a ukwati, ndi mphunzitsi yemwe wanyamula mayeso a ana a Sitandade 7.

Mayiwo ayatsa kompyuta monga mwa masiku onse. Koma kachithunzi kabuluu kokhala ndi chilembo cha W, komwe amadinapo akafuna kutsegula Microsoft Word, palibe. Dzulo madzulo mdzukulu wawo amaseweretsa makinawo. Ayang'ana uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. M'mutu mwawo mwayamba kale kuwerengera: ndalama yokwerera minibasi kupita kuboma, ndalama ya mmisiri, ndi makasitomala omwe apite kwa anzawo a tsidya la msewu.

Chonsecho mwina Word sanapite kulikonse. Akadali m'makina momwemo, ali phee. Chomwe chasowa ndi chikwangwani chake chabe. Akulu akale adati kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo kompyuta nayo imayankha munthu akaifunsa m'chilankhulo chomwe imamva.

Chikwangwani si sitolo

Ambiri a ife timaganiza kuti tizithunzi tomwe timaona pa sikirini ndiye mapulogalamuwo. Si choncho ayi. Kachithunzi kokhala ndi kamuvi pakona yake ndi shortcut, yomwe ntchito yake ndi kuloza basi. Ili ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu cholembedwa kuti "chigayo uko". Mphepo ikagwetsa chikwangwanicho, chigayo sichisiya kugaya.

Pulogalamu yeniyeni ndi fayilo yomwe imakhala mufoda inayake mkati mwa diski ya kompyuta. Pa Windows, dzina la fayilo yotereyi nthawi zambiri limathera ndi zilembo zoti .exe. Fayilo iliyonse ili ndi keyala yake. Mwachitsanzo, kapulogalamu kolembera ka Notepad kamapezeka pa keyala iyi:

C:\Windows\System32\notepad.exe

Keyalayi iwerengeni monga mumalondolera mlendo kwanu. C: ndi boma, Windows ndi dera, System32 ndi mudzi, ndipo notepad.exe ndiye mwini khomo. Timizere topendekerato timangolekanitsa malo ndi malo.

Kusadziwa izi kwapusitsa anthu ambiri. Wina amakopera kachithunzi ka pa sikirini n'kuika mufulashi, amvekere ndatenga pulogalamu, koma akafika kunyumba n'kupeza kuti sikakutsegula kanthu. Wanyamula chikwangwani, chigayo wachisiya. Wina amafufuta kachithunziko poganiza kuti wachotsa gemu yomwe ikusokoneza ana pa sukulu, osadziwa kuti gemuyo ikadalimo ndipo anawo akudziwa njira ina yoifikira.

Choncho kachithunzi kakasowa, choyamba suzumirani mu Recycle Bin, mwina kangotayidwa m'menemo. Chachiwiri, dinani Start ndi kulemba dzina la pulogalamuyo. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa. Koma pali nthawi zina pomwe njira ziwirizi zimakanika, kapena pomwe mukufuna kudziwa malo enieni omwe fayilo ikukhala. Apa m'pomwe chiwindo chakuda chija chimagwira ntchito.

Chiwindo chakuda chomwe ambiri amachiopa

Mwina mudamuonapo mmisiri wa makompyuta akutsegula chiwindo chakuda bii, n'kumalembamo mawu achilendo. Ena amaganiza kuti ndi zamatsenga, ena amati ndi za akuba a pa intaneti. Chimenechi ndicho amachitcha command line, ndipo pa Windows dzina lake ndi Command Prompt. M'malo modina zithunzi ndi mausi, munthu amalemba lamulo ndi kiyibodi, kompyuta n'kuyankha ndi mawu.

Njirayi ndi yakale kuposa zithunzi zomwe tidazolowera. M'chaka cha 1969, akatswiri a ku Bell Labs m'dziko la America, motsogozedwa ndi Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, adayamba kukonza Unix, yomwe munthu ankaiyendetsa polemba malamulo. Kampani ya Microsoft nayo idatulukira ndi MS-DOS mu 1981, momwe munalibe zithunzi zodina. Windows yoyamba idabwera mu 1985. Zithunzi zitabwera, chiwindo chakudacho sadachitaye. Chikadalipo mpaka lero chifukwa pali mafunso ena omwe chimayankha msanga kuposa mausi.

Kuchitsegula n'kosavuta. Dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo cha R. Patuluka kabokosi. Lembanimo cmd, kenako dinani Enter. Chiwindo chakuda chitseguka, ndipo kamzere kakhala kakuphethira, kudikira mawu anu.

Tsopano lembani izi ndi kudina Enter:

where notepad

Mawu oti where m'Chingerezi ndi funso loti "kuti?" Ndiye kuti mwaifunsa kompyuta kuti Notepad ali kuti. Nthawi yomweyo ikulemberani keyala yake. Musadabwe ikakupatsani makeyala awiri kapena atatu, chifukwa Windows imasunga Notepad m'malo angapo. Yemwe walembedwa pamwamba ndi amene amatseguka mukalemba dzina lake m'chiwindomo.

Lamulo la where lilipo pa Windows Vista, 7, 8, 10 ndi 11. Silisintha kapena kufufuta chilichonse. Limangoyang'ana ndi kunena zomwe laona, choncho ngakhale mwana wa pulayimale angathe kuliyesa popanda kuwononga makina.

Mndandanda wa misewu

Tibwerere kwa mayi athu aja. Alemba where word, koma kompyuta yayankha m'Chingerezi kuti sidapeze kanthu. Kodi ndiye kuti Word wapitadi? Asathamange mtima. Pali zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi dzina. Monga momwe munthu amadziwikira ndi dzina lina pamsika pomwe pa chiphaso chake pali dzina lina, mapulogalamu nawo ali choncho. Word pa chiphaso ndi winword.exe. PowerPoint ndi powerpnt.exe. Paint ndi mspaint.exe, pomwe kowerengera masamu kaja ndi calc.exe. Ena monga excel.exe, chrome.exe ndi vlc.exe sadasinthe kwenikweni.

Chachiwiri n'chakuti kompyuta sisaka paliponse. Ili ndi mndandanda wa mafoda ochepa omwe imayang'anamo ikauzidwa dzina la pulogalamu. Mndandandawu umatchedwa PATH. Taganizirani mwana yemwe mwamutuma kukagula mchere, n'kumuuza kuti ayambire pa okala ya pakona, akapanda kuupeza apite kugolosale, akalephera kumeneko akaone mumsika. Mwanayo atsata ndondomekoyo. Akaupeza pa okala, kugolosale safikako. Akausowa m'malo atatu onsewo, abwerera chimanjamanja, ngakhale mcherewo uli mbwee m'sitolo ina yomwe simudaitchule.

Kuti muone mndandanda wa kompyuta yanu, lembani:

echo %PATH%

Patuluka makeyala ambiri olumikizana, olekanitsidwa ndi chizindikiro cha semicolon (;). Ndipo pakati pawo muona C:\Windows\System32 ndi C:\Windows. Kompyuta imayamba kuyang'ana mufoda yomwe inu muli pa nthawiyo, kenako n'kutsata mndandandawo kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Unix idali nayo kale m'chaka cha 1979, ndipo MS-DOS idaitengera mu 1983 pomwe idayamba kusunga mafayilo m'mafoda. Cholinga chake chidali chopulumutsa nthawi, chifukwa kusaka diski yonse pa lamulo lililonse kukadachedwetsa ntchito.

Apa m'pomwe pagona yankho la uthenga womwe umakhumudwitsa ana ambiri a sukulu omwe akuphunzira zamakompyuta. Mwana waika pulogalamu monga Python kapena Java, koma akalemba dzina lake, chiwindo chikuti "is not recognized as an internal or external command". Nthawi zambiri sikuti pulogalamuyo idakanika kulowa. Ilimo ndithu, koma foda yake sidalembedwe pa PATH. Mwana wotumidwa uja sadauzidwe za sitolo imeneyo.

Kusaka khomo ndi khomo

Foda ya Microsoft Office kawirikawiri sikhala pa PATH. Choncho mayi athu ayenera kuuza kompyuta kuti isiye mndandanda wake, iyende khomo ndi khomo. Lamulo lake ndi ili:

where /r C:\ winword.exe

Kachilembo ka /r kakutanthauza kuti ilowe mufoda iliyonse ndi tiana take tonse, kuyambira pa C:\ pomwe mwatchulapo. Onetsetsani kuti mwasiya mipata pakati pa mawuwo monga momwe alembedwera. Kusakaku kumatenga mphindi zingapo, makamaka pa makina akale, ndiye dekhani. Mukatopa kudikira, dinani Ctrl pamodzi ndi C, kusakako kuima.

Word akakhala kuti alimo, keyala yake ituluka. Pa makina ambiri a masiku ano imaoneka chonchi:

C:\Program Files\Microsoft Office\root\Office16\WINWORD.EXE

Pa makina akale mupeza nambala zina: Office12 ndi Office ya 2007, Office14 ndi ya 2010, ndipo Office15 ndi ya 2013. Mwinanso mupeza kuti ali mufoda ina ya dzina lofanana ndi Program Files koma yokhala ndi x86 kumapeto kwake. Imeneyo ndi nyumba ya mapulogalamu a mtundu wa 32-bit pa makina a 64-bit, ndipo si vuto.

Keyala ikapezeka, ntchito yatha. Tsegulani File Explorer, tsatirani mafodawo limodzi ndi limodzi mpaka mufike pa fayiloyo. Dinani ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Send to, kenako Desktop. Pa Windows 11 muyambe mwadina Show more options. Chikwangwani chija chadzukanso, mnyamata wa kalata uja athandizidwa, ndipo ndalama ya minibasi yasanduka ya ndiwo.

Nanga ngati dzina la pa chiphaso simukulidziwa bwino? Gwiritsani ntchito kanyenyezi, komwe kamaimira zilembo zilizonse. Mukalemba where /r C:\ *photo*.exe kompyuta ikupatsani mapulogalamu onse omwe dzina lawo lili ndi mawu oti photo penapake.

Ndipo ngati kusaka konseku sikudatulutse kanthu, nalonso ndi yankho. Tsopano mukudziwa kuti pulogalamuyo idachotsedwadi ndipo iyenera kuikidwanso. Mukapita kwa mmisiri, mupita mukudziwa chomwe mukufuna. Kuika pulogalamu imodzi sikufuna kuti makina onse afufutidwe. Wina akakuuzani kuti afomate kompyuta chifukwa cha kachithunzi kamodzi, mufunseni kaye chifukwa chake, ndipo musavomere musanasunge pena makalata anu ndi zithunzi za banja. Safunsa adadya phula.

Chenjezo limodzi kwa omwe makina awo amatsegula PowerShell m'malo mwa Command Prompt. PowerShell, yomwe Microsoft idatulutsa mu 2006, imamva mawu oti where mwanjira ina, ndipo ikhoza kungokhala duu osayankha. Kumeneko lembani where.exe notepad, kapena Get-Command notepad.

Nanga a Linux ndi Mac?

Si makina onse omwe ali ndi Windows. Mu 1991, mnyamata wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, adayambitsa Linux, yomwe imatsata kachitidwe ka Unix ndipo imapezeka mwaulere. Mafoni a Android omwe ali m'matumba mwathumu adamangidwa pa maziko a Linux yomweyo. Kuchokera pomwe Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndi Windows 10 mu Okutobala 2025, ena omwe ali ndi makina akale akumasankha kuikamo Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint.

Pa Linux ndi pa makompyuta a Mac a kampani ya Apple, chiwindochi amachitcha Terminal. Funso lake ndi which, kutanthauza "uti?" Mukalemba:

which ls

ikuyankhani kuti /usr/bin/ls kapena /bin/ls. Onani kuti kuno kulibe C: ndipo timizere tapendekera mbali ina. Mndandanda wa mafoda mumauona polemba echo $PATH, ndipo makeyala ake amalekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Mukafuna kuona mapulogalamu onse a dzina limodzi, osati woyamba yekha, lembani which -a kenako dzinalo. Izi zimathandiza mwana wa sukulu yemwe ali ndi ma Python awiri m'makina ndipo sakudziwa kuti akumuyankha ndi uti.

Palinso lamulo la type, lomwe limanena zambiri. Mukalemba type cd likuuzani kuti cd si fayilo yokhala payokha, koma ndi chiwalo cha chiwindocho. N'chimodzimodzi pa Windows: where dir sapeza kanthu ngakhale dir amagwira ntchito, chifukwa lamuloli lidamangidwira mkati mwa Command Prompt. Pa Linux lamulo la whereis limaonjezera pokuuzaninso komwe kuli buku la malangizo a pulogalamuyo.

Mbala yovala yunifolomu

Kudziwa komwe pulogalamu ikukhala sikungothandiza kupeza zotayika. Kumathandizanso kugwira mbala. M'mashopu omwe amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu, fulashi imodzi imatha kulowa m'makina ambirimbiri pa tsiku, ndipo mavairasi amayenda nayo ngati nsikidzi m'chikwama cha wapaulendo.

Vairasi yochenjera sidzitcha vairasi. Imabwereka dzina la pulogalamu yodalirika. Chitsanzo chodziwika ndi svchost.exe, fayilo yeniyeni ya Windows yomwe imagwira ntchito nthawi zonse makina akayaka. Mukalemba where /r C:\ svchost.exe muona makeyala angapo, ndipo onse oona amayamba ndi C:\Windows, monga mu System32, SysWOW64 ndi WinSxS. Koma mukapeza fayilo ya dzina lomwelo mu Downloads, mu Temp, mu AppData kapena mufulashi, pakhale kukayika. Wapolisi weniweni amadziwika ndi siteshoni yake. Yemwe wavala yunifolomu koma akugona kuseri kwa bala, afunsidwe bwino. Ena amasintha chilembo chimodzi chokha, kulemba scvhost m'malo mwa svchost, podziwa kuti diso lothamanga siliona. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kumbukiraninso kuti Command Prompt imayamba kuyang'ana mufoda yomwe muli isanapite pa PATH. Ngati muli mufulashi ya mlendo ndipo muli fayilo yabodza ya dzina lofanana ndi lamulo lomwe mwalemba, yabodzayo ndiyo iyambe kutseguka. Linux sichita zimenezi pokhapokha mwini wake ataiuza, ndipo chifukwa chake n'chomwechi.

Mukapeza fayilo yokayikitsa, musaitsegule kuti muone chomwe ichite, komanso musathamangire kufufuta zinthu za mufoda ya Windows. Lembani keyala yake papepala, yendetsani antivayirasi, ndipo ngati nkhawa ikadalipo muonetseni mmisiri wodalirika pepalalo. Mwamuchepetsera ntchito, ndipo inunso mwadziwa chomwe mukulipirira.

Vuto lina lofala ndi la fulashi yomwe mafoda ake onse asanduka ma shortcut, mwini wake n'kuyamba kulira kuti zithunzi za chinkhoswe zapita. Kawirikawiri vairasi imakhala itangowabisa. Ngati fulashiyo ikuoneka ndi chilembo cha E, lembani dir /a E:\ ndipo muona zonse zomwe zilimo, zobisika zomwe. Mukaona mayina a mafoda anu, dziwani kuti katundu akadalipo. Musalole kuti fulashiyo ifomatidwe asanapulumutsidwe.

Mpeni ndi womwewo

Chiwindo chakudachi chili ngati mpeni wa kukhitchini: umasenda mbatata, komanso umacheka chala. Malamulo omwe tatchula muno, monga where, which, type, whereis, echo ndi dir, ndi ofunsa chabe. Koma alipo ena owononga, monga del, rd ndi format pa Windows, kapena rm pa Linux. Chomwe chafufutidwa ndi malamulo amenewa sichipita mu Recycle Bin. Palibe kubweza.

Akuba nawo adazindikira mphamvu ya chiwindochi. Kuyambira cha mu 2024 kwafala chinyengo china pa intaneti pomwe munthu amauzidwa kuti, pofuna kutsimikiza kuti ndi munthu weniweni kapena kukonza vuto linalake, adine batani la Windows ndi R, amate mawu omwe amukonzera kale, n'kudina Enter. Akatero wadzitsegulira yekha chitseko cha mbala. Lamulo la pakhomo likhale limodzi, kwa akulu ndi ana omwe: mawu omwe simukuwamvetsa, ochokera kwa munthu yemwe simukumudziwa, musawalembe kapena kuwamata m'chiwindomo.

M'mabanja ambiri a m'matauni athu ang'onoang'ono, kompyuta imodzi ndiyo ofesi ya bambo, shopu ya mayi ndi kalasi ya ana. Idagulidwa ndi ndalama ya fodya, ya ku banki m'khonde kapena yotumizidwa ndi mbale wa ku Joni, ndipo ikadwala, nyumba yonse imadwala. N'chifukwa chake n'kwabwino kuti pakhomo pakhale anthu awiri kapena atatu odziwa kuifunsa mafunso ang'onoang'ono ngati awa.

Madzulo ano, magetsi akakhalapo, itanani ana. Tsegulani chiwindo chija, mulembe where notepad, kenako where calc, muone zomwe ikuyankheni. Mukatero sakani mapulogalamu atatu kapena anayi omwe banja lanu limadalira, ndipo makeyala ake muwalembe kuchikuto cha kope la ngongole. Tsiku lomwe mdzukulu adzagwetse chikwangwani, inu mudzakhala mukudziwa kale njira ya kuchigayo.